Jenereta ya Edmond, Sutikesi ya Felistus

Ku Kalingalinga munthu sasochera akamafuna Edmond Miti. Mukangotsika minibasi pamsewu waukulu, pamene tayala mipando, mabedi ndi mageti athu m'fumbi, nenani kuti mukufuna a Miti a mageti. Wogulitsa tomato akulozerani, wometa akulozerani, ngakhale chidakwa cha pakona chimene sichidziwa kuti lero n'lachingati chikulozerani. Geti la Edmond silipendama, ndipo pamsewu uno tilipo owerengeka amene ntchito yathu inganenedwe choncho. Masiku ano simufunikanso kufunsa, ingotsatirani kulira kwa jenereta. Ngati ndi masana mumupeza akudya chakudya chogula, yekha, atafulatira msewu.

Ine ndine Goliati Mbewe, kalipentala. Dzinali musalitengere, thupi langa ndi la Davide, ndipo nthabwala imeneyi ndaimva mokwanira. Shedi yanga yagundana ndi ya Edmond kwa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kwathu n'kumodzi, ku Katete, ndipo pamene ankakwatira ndine ndinaima monga nkhoswe yake. Unkhoswe anthu amauona ngati ulemu, kudya nkhuku ndi kukhala pampando wabwino. Ndi katundu, ndipo wanga ndinausenza mopendama.

Edmond anafika mu Lusaka mu 2006 atavala nsapato za mkulu wake, m'manja muli thumba la pulasitiki. Ntchito yowotcherera zitsulo anaiphunzira kwa a Mukupa, Mbemba wina waukali amene anali ndi chigoba chimodzi chotchingira maso, ndipo chinali cha iwo okha. Chaka choyamba Edmond ankabwera m'mawa maso ali psuu, misozi ikutsika yokha, koma sanadandaulepo. Ndi munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woti chitsulo amachiyeza kawiri ngakhale kasitomala akupsa mtima. Mowa samwa, fodya sasuta, akazi a eni sawayang'ana. Tinkamuseka kuti ndi m'busa amene anasochera n'kugwera m'zitsulo.

Mkazi wake Felistus, Edmond anamuona koyamba pa maliro a munthu wakwathu ku komboni ya George, mtsikanayo akuthirira anthu madzi osamba m'manja. Zinamutengera miyezi isanu ndi umodzi kuti amuuze mawu opitirira moni, ndipo ndikanapanda kumukankha ine, bwenzi mpaka lero akuyeza. Felistus ndi mkazi wamfupi, wa maso osaphethiraphethira, woti sabwereza mawu. Amagulitsa kapenta ndi nyemba pamsika wa Mtendere, ndipo akakuuza mtengo usataye malovu. Anakwatirana mu 2010, anabereka Belinda, kenako Hillary.

Koma nyumba iliyonse ili ndi podontha pake. Pa Edmond panadontha cha m'ma 2015, pamene makina a bonanza, aja oponyamo makobidi n'kudikira kuti alavule ambiri, anadzaza m'mabala ndi m'timagolosale. Anayamba ndi tichenji totsala pogula nkhomaliro. Pasanathe zaka ziwiri girayinda yake yodulira zitsulo inapita, njinga inapita. Tsiku lina Felistus akuchokera kusikelo, Hillary ali kumsana, anapeza kukhitchini kwatsala misomali yokhayokha pakhoma. Mapoto, ketulo, mbale ndi sitovu, zonse zimene amayi a kumpingo anamupatsa pa phwando lija timati kichini pate, mwamuna wake anali atazigulitsa kuti akabweze zimene makina anadya. Analonjeza kuti agula zatsopano Loweruka. Felistus sanakuwe. Anatenga ana ake awiri n'kukwera basi ya ku Katete, ndipo anakhalako miyezi khumi ndi umodzi.

Ndinapitako kawiri kukapepesa. Ulendo woyamba amalume ake anandiimika padzuwa nthawi yaitali asanandipatse mpando, nandifunsa ngati ku Lusaka ankhoswe amakhala ndi maso. Ulendo wachiwiri Felistus anavomera. Tsiku limene anabwerera, mu 2017, analowa m'nyumba ndi sutikesi yabulauni. Sanaitsegule. Anakwera pampando n'kuiika pamwamba pa wodirobu, kenako anatembenukira kwa ine.

"Ba nkhoswe, mumveleko na imwe. Njuga ikangena futi mu nyumba ino, sinizapanga chongo, sinizaitana munthu. Nizangotsitsa iyi sutikesi. Ndipo imwe mukaona poyamba, muniuze."

Ndinalonjeza dzanja lili pachifuwa, pakamwa pali mafuta a nkhuku.

Kuyambira tsiku limenelo Edmond anakhala munthu wamantha, ndipo ine ndinkati mantha ake ndi abwino. Akaona shopu ya kubetcha mpira ankawolokera tsidya lina la msewu ngati waona galu wachiwewe. Kumpingo atabweretsa timapepala tamwayi kuti apeze ndalama za denga, wopambana atenge mbuzi, iye anapereka ndalama n'kukana kapepala. Ngakhale nsolo ya pansi pa mtengo, yopanda khobidi, ankaionerera ataima patali. Anandiululira yekha kuti m'mawa uliwonse, asanapemphere n'komwe, maso ake ankayamba athamangira pamwamba pa wodirobu. Sutikesiyo sanaikhudzepo. Anangoika kachidutswa ka ndodo yowotcherera m'mphepete mwake, kuti ikasuntha adziwe. Zaka zisanu ndi ziwiri kachitsuloko kanali pomwepo, ndipo kukhitchini mapoto anabwerera limodzilimodzi.

Kenako kunabwera chilala cha 2024. Madzi atachepa ku Kariba, magetsi anayamba kuthima maola khumi ndi awiri, kenako khumi ndi asanu ndi awiri, kenako tinasiya kuwerenga. Kalipentala angathe kubwerera ku sowo ndi puleni yamanja, akutukwana. Wowotcherera wopanda magetsi ndi munthu wongokhala pafupi ndi zitsulo. Makasitomala anayamba kupita kwa amene anali ndi majenereta, ndipo jenereta yokoka makina owotcherera inali pa mtengo woti Edmond sakanaufika ngakhale atagulitsa shedi ndi ine ndemwe. Tsiku lonse ankakhala pa chitini cha penti, manja ali pakati pa mawondo.

Amene anabweretsa chinthucho pamsewu wathu ndi Kombe, bambo wokonza mafoni amene ali ndi kantemba, kashopu ka magetsi a sola, kutsidya. Sanachite mwa nkhanza, iye amaonetsa aliyense chilichonse. Linali tsamba la pa intaneti lotchedwa Tengako. Ankaikapo katundu watsopano, ma TV, mafiriji, majenereta, mtengo kuyambira pa ziro. Munthu umagula mabidi ndi ndalama za pafoni, bidi imodzi makwacha asanu. Ukadina kamodzi, bidi yako yapita, mtengo wakwera ndi mangwee khumi, ndipo wotchi yabwerera pa masekondi makumi awiri. Wotchiyo ikafika pa ziro wina asanadine, katundu ndi wako pa kamtengo kameneko. Wina akadina, makwacha ako asanu sabwerera, ndipo ukafuna kukhalabe m'mpikisano udinenso.

Nkhaniyi inazungulira msewu wonse, poti pakamwa pa anthu osowa ntchito sipathima magetsi. Ena ankati n'zachilungamo, katundu amabweradi, wina wa ku Lilanda analandira foni m'katoni yake. Ena ankati kubwera kwa katundu si umboni, ngakhale bonanza inkalavula tsiku lina. Wometa anati ngati boma silinatseke ndiye kuti n'zololedwa, telala n'kumuyankha kuti mowa nawonso ndi wololedwa koma unamulanda mkazi. Kwa ife inali nkhani yotayira nthawi. Edmond sankalowererapo, ndipo ine sindinaone kuti akumvetsera ndi thupi lonse.

Lachiwiri lina anabwera mu shedi yanga, anakhala pa sofa yosamaliza, n'kundipatsa foni. Nkhope yake inandiopsa ndisanaone n'komwe chimene chinali pagalasi.

"Ba Goliati, imwe ndimwe ba nkhoswe. Niuzeni zoona. Ichi ni njuga, olo si njuga?"

Anafotokoza mofulumira, mawu akupunthwana, munthu amene tsiku lonse salankhula mawu makumi awiri. Anati eni ake analemba pansi pa tsamba kuti iwo ndi sitolo, si a kubetcha. Palibe makhadi, palibe madayisi, palibe mpira. Ndi okushoni chabe, ngati ya fodya imene atate ake ankasimba. Ine ndinamukumbutsa kuti pa okushoni wogula amene wapikisidwa amabwerera kwawo ndalama zake zili m'thumba. Ndinachotsa pensulo kukhutu n'kulemba pa thabwa. TV imene a Tengako ankadzitama kuti yagulidwa K180 inadinidwa ka 1,800, ndiye kuti anthu anataya K9,000 pa chinthu chimene mu shopu n'cha theka la ndalamazo. Mmodzi anaseka, ena onse anamulipirira. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Koma ndinene chilungamo, chifukwa nkhaniyi sinenedwa theka. Pamene iye ankandionetsa chithunzi cha jenereta yofiira imene inali pa tsambalo, ine m'mutu ndinali nditayamba kuyeza waya wochokera pa shedi yake kufika pa makina anga opalira matabwa. Mamita asanu ndi atatu okha. Ndiye ndinakanda m'mutu n'kunena mawu amene ndimawamvabe mpaka lero.

"Kaya. Ngati ufuna jenereta chabe, ukaipeza wachokamo, kapena tingakambe kuti ni kugula."

Anaimirira ngati ndamupatsa chikalata chodinda boma.

Masabata atatu otsatira ndinaona zinthu zimene ndinali nditaziiwala. Edmond ankakhala kuseri kwa geti losamaliza, foni ataiika m'kati mwa chigoba chowotcherera, nkhope ataizika momwemo, kuti wodutsa aziti akukonza chigobacho. Mwendo wakumanja unkanjenjemera mpaka chitini cha penti kumalira pa konkire. Ine sowo ili m'manja ndinkamumva akuwerenga chapansipansi, faifi, folo, fili, kenako mpweya kutuluka, ndiye kuti wina wadina. Anali ndi nzeru yakeyake. Ankati pofika chakumadzulo mafoni a anthu a ku Matero, Kanyama ndi Chawama amakhala atafa chifukwa cha magetsi, choncho iye ankatchajitsa mabatire awiri kwa Kombe n'kudikira kuti anzake agwe okha.

Koma panali dzina limodzi, Kasoma77, limene foni yake sinkafa. Linkadina pa sekondi yomaliza, m'mawa, masana, osapita ndi kuchimbudzi komwe. Kombe anati ena amanena kuti mayina otere si anthu, ndi makina a eni tsamba, koma ndani angadziwe. Jenereta yoyamba inapita kwa wina. Yachiwiri anaitaya chifukwa netiweki inayamba kuzungulira pa sekondi yachitatu, ndipo anamenya geti ndi chibakera mpaka zala kutupa, munthu amene sindinamuonepo akuponya mwala ngakhale kwa galu. Kumene ankatenga ndalama za mabidi sindinafunse, koma mulu wa zidutswa za zitsulo kuseri kwa shedi unkachepa tsiku ndi tsiku.

Choopsa kwambiri chinali masana. Tsiku lililonse Felistus ankachoka pamsika n'kudutsa ndi kontena ya chakudya cha mwamuna wake. Ndikangoona chitenge chake chikubwera ndinkatsokomola kawiri, ine nkhoswe, kusanduka mlonda wa wakuba. Tsiku lina atasiya kontenayo anaima pakhomo pa shedi yanga, nandiyang'ana nthawi yaitali kuposa ya moni.

"Ba nkhoswe, kulibe nkhani?"

"Kulibe, amake Belinda. Ni malaiti chabe yativuta."

Anagwedeza mutu n'kumapita. Thabwa limene ndinkadula ndinalifupikitsa, la mukwa, lodula ndalama.

Lamlungu kumpingo mantha ananditsatira. Edmond amaimba besi mu kwaya. Pakati pa ulaliki anatuluka, nabwerera patapita nthawi, foni akuibweza m'thumba. Ndinayang'ana mbali ya amayi. Felistus sanatembenuke. Maso ake anali pa Baibulo, koma abusa atanena kuti titsegule pena, tsamba lake silinasunthe.

Lolemba la sabata yachitatu Edmond anafika n'kundikokera pambali. Kachitsulo kaja anakapeza pansi, pafupi ndi mwendo wa bedi. Sutikesi inali pamalo pake, Felistus anamupatsa madzi osamba ndi tiyi monga mwa masiku onse, koma kachitsulo kanali pansi. Ndinati mwina ndi makoswe. Iye anafunsa kuti makoswewo anali kuti zaka zisanu ndi ziwiri zonsezi. Ndinamuuza kuti asiye lero lomwe, apite akaulule, ine ndimuperekeza. Anavomera misozi ili m'maso, kenako anati watsala ndi mabidi makumi asanu ndi limodzi olipira kale, kuwataya kungakhale kuononga. Apa ndi pamene ndinadziwa yankho la funso lake lija, koma ndinali nditayankha kale.

Lachinayi cha m'ma folo koloko chitini chinasiya kulira. Ndinasuzumira. Edmond anali atatulutsa nkhope m'chigoba, akuyang'ana foni osaphethira. Kasoma77 sanadine. Jenereta yofiira, yatsopano, inali yake pa K436. Sanaseke, sanalumphe. Anapita kuseri kwa shedi n'kukasanza. Atabwerera anandifunsa kuti jenereta ya mtengo wotere aifotokoza bwanji kunyumba, ndipo tinakhala pansi, amuna awiri aakuluakulu, kupala bodza mpaka kusalala: kuti kasitomala wa ku Kabulonga wamupatsa posinthana ndi mageti awiri. Anandipempha kuti ndidzachitire umboni. Sindinavomere, sindinakane.

A Tengako anati abweretsa katunduyo Loweruka. Pa malo olemba keyala Edmond analemba zimene tonse timalemba kuno, kumene manambala a nyumba amadziwa eni okha: Kalingalinga, funsani a Miti a mageti. M'mutu mwake galimoto inkayenera kufikira pamsewu waukulu, pa shedi, kuti jeneretayo igone pamenepo masiku angapo bodza lathu likukhwima. Loweruka tinakhala pamenepo kuyambira m'mawa, maso ali kumsewu. Nthawi ndi nthawi iye ankazika nkhope m'chigoba, ine n'kumati akuona ngati woyendetsa wamuimbira.

Cha m'ma leveni tinamva nyimbo. Sizinkachokera kumsewu. Zinkachokera m'kati mwa komboni, kumbuyo kwathu, cha ku mpope wa madzi, ndipo zinkayenda pang'onopang'ono, kukhota, kuyendanso, kenako n'kuima. Ndinaona Edmond akutembenuza khosi, ndipo tonse awiri tinadziwa pamene zaima. Woyendetsa analowera njira ya ku Mtendere, anafunsa amayi a pampope za a Miti a mageti, ndipo amayiwo, mwa mtima wawo wabwino, anamuperekeza mpaka pakhomo pa nyumba. Posakhalitsa mayi wina woyandikana nawo anatulukira akuthamanga, chitenge chili m'manja, nkhope yonse ili mano.

"Ba Miti, mwawina! Bwelani muone, mwawina!"

Kuchokera pa shedi kufika kunyumba kwa Edmond ndi mphindi zisanu. Pakhomo tinapeza kagalimoto kachikasu, chimkuzamawu chili padenga, mabaluni atamangidwa pa chikatoni, ndi mtsikana wa kamera akufunafuna mwini mwayi. Amayi ankalulutira, ana ankavina m'fumbi. Felistus anaima pakhomo manja ali ndi thovu la sopo. A Tengako aja anali atamupempha kuti agwire chikwangwani cholembedwa dzina la mwamuna wake ajambulidwe, iye n'kukana mwaulemu. Anamujambula Edmond yekha. Chithunzicho ndinachiona pambuyo pake kwa Kombe: munthu waima pafupi ndi jenereta ngati waima pafupi ndi bokosi la maliro.

Galimoto itapita, Felistus anatuma ana kwa anansi, anapukuta manja, natiitana m'nyumba. Bodza la ku Kabulonga linali litafera panjira. Edmond anayamba kulankhula asanakhale pansi, zomwe zija: sitolo, okushoni, palibe makhadi, jenereta ndi iyo yeniyeni akhoza kuigwira, Lolemba ntchito iyamba, ana adya. Felistus anamvetsera mpaka mawu anamuthera.

"Namvela, ba Miti. Ine sininaphunzile ivi vinthu va pa foni. Kapena zoona si njuga."

Ndinaona mapewa a Edmond akutsika, ndipo nanenso ndinapuma.

"Munali kufuna jenereta, mwaipeza. Munthu akagula chamene anali kufuna, amachoka mu shopu. Mwachoka?"

"Nachoka."

"Nipatseni foni."

Anaipereka, nanga akanatani. Felistus anaiyang'ana pang'ono, kenako anaitambasulira kwa ine, nati Chingerezi chimamuvuta, ndimuwerengere zimene zalembedwa. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Tsamba lija linali lotsegula kale. Panali firiji yoyera, wotchi ikuthamanga, ndipo pa mndandanda wa odina dzina la Edmond linalipo kambirimbiri: Lachisanu, tsiku lotsatira atapambana, ndi m'mawa womwewo, pamene ine ndinkati akudikira woyendetsa. Bidi yomaliza anaidina mphindi zochepa nyimbo zisanamveke.

Edmond ankandiyang'ana. Ndikanatha kunena kuti palibe kanthu, netiweki yavuta, maso anga ndi okalamba. Koma mayiyu ndinali nditamunamiza kale kamodzi pakhomo pa shedi, ndipo ndinaona m'maso mwake kuti akudziwa, akungondipatsa mpata womaliza wokhala nkhoswe. Ndinawerenga zonse, tsiku ndi nthawi.

"Firiji inali yanu," Edmond anatero chapansipansi. "Kuti muzigulitsa vozizila."

"Na mapoto yanga munakamba kuti muzagula yanyowani pa Loweruka."

Sanakweze mawu. Anatiuza kuti anadziwa kuyambira sabata yoyamba, osati chifukwa cha foni kapena ndalama, koma chifukwa mwamuna wake anayamba kusiya chakudya m'mbale, ndi kuyang'ana pamwamba pa wodirobu kawiri, podzuka ndi pobwera kuntchito. Kachitsulo kaja anakagwetsa ndi iye, dala, kuti mwina munthu aope n'kulankhula yekha. Akanalankhula, anatero, akanakhala pansi n'kuona chochita. Anadikira Lolemba, anadikira Lachiwiri, mpaka nyimbo zinafika pakhomo.

Kenako analowa kuchipinda, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Mpando umene akanakwerapo unali panja, anansi atautulutsa pa chisangalalo chija. Anaima pansi pa wodirobu natambasula dzanja, osafikira.

"Ba Miti, imwe ndimwe batali. Nitsitsileni."

Edmond anapita. Anakweza manja onse awiri, nalimbitsa msana monga munthu wozolowera kunyamula zitsulo, nakoka. Sutikesi inabwera mopepuka mpaka anadzandira chambuyo. Anaigwedeza. Munalibe kanthu. Anayang'ana mkazi wake pakamwa pali yasa.

"Ninachotsamo vovala chaka chamene Hillary anayamba giledi wani," anatero Felistus. "Ninaona kuti mwasintha. Kachitsulo kanu ninakabwezela pamene kanali."

Zaka zitatu munthu ankadzuka ndi mantha pa sutikesi yopanda kanthu, atakhululukidwa kale osadziwa, chifukwa sanalimbe mtima kuikhudza kapena kufunsa. Ine ndinalira, sindibisa, ndipo gawo lina la misoziyo linali la manyazi anga ndi mamita anga asanu ndi atatu.

Felistus anaiika pabedi n'kuitsegula. Chivundikiro chake chinali chitathyoka polumikizira, chinkangogwa chokha. Anatsegula wodirobu nayamba kupinda zitenge zake, chimodzichimodzi, mosafulumira, kenako mayunifolomu a ana. Chivundikiro chitagwa kachiwiri, Edmond anasendera pafupi n'kuchigwira kuti chisatsekeke, ndipo anaima choncho mpaka sutikesi inadzaza.